Galimoto yakale ikamazima magetsi mwa apo ndi apo, vuto limabisala kuti?

Mwa mavuto onse amene galimoto yakale imakhala nawo, limene limadya ndalama zambiri pachabe ndi lija limabwera kenaka n'kuchoka lokha. Munthu akuchokera ku Katoto kulowera ku Luwinga mu Mzuzu, galimoto yagunda bampu, mwadzidzidzi dashibodi yachita mdima, wailesi yakhala chete, injini yatsamwa, ndipo asanaganize n'komwe zoima zonse zabwerera m'malo mwake. Tsiku lina watembenuza kiyi m'mawa koma galimoto ili zii, osayatsa ngakhale kanyali kamodzi. Watsegula boneti, wagwiragwira mawaya, wabwerera pampando, yalira. Akapita nayo ku galaja imafika ili bwinobwino, ndipo makaniko, amene sangakonze chinthu chimene sakuchiona, amangoti, "Abwana, panopa palibe vuto, ikadzayambanso mudzabwere nayo." Apa ndi pamene kugula zinthu mwachimbulimbuli kumayambira: lero batire, mwezi wamawa alternator (chipangizo chochaja batire), kenaka pampu ya mafuta, koma vuto likadali pomwepo.

Mfundo imene eni galimoto ambiri saimva msanga ndi yakuti chipangizo chikafa, kawirikawiri chimafa ndithu ndipo sichidzukanso. Chimene chimafa n'kudzuka nthawi zambiri ndi polumikizira: pamene waya wakumana ndi mutu wa batire, pamene wamangidwa ku chitsulo cha galimoto, m'kati mwa swichi ya kiyi, kapena m'timano ta relay, kaswichi koyatsidwa ndi magetsi. Malo amenewa safuna ndalama zambiri powakonza, ena amangofuna sipanala ya nambala 10 ndi sandipepa, koma kuwapeza kumafuna kuleza mtima, komanso umboni umene ndi woyendetsa yekha angaubweretse, chifukwa ndi iye amene amakhalapo pa masekondi ochepa amene vutolo limaonekera.

Tiyambe ndi njira imene magetsi amayenda. Batire la galimoto zazing'ono ndi la ma volt 12, ndipo m'kati mwake muli zipinda zisanu ndi chimodzi za mtovu ndi asidi, chilichonse chopereka pafupifupi ma volt 2.1. Likakhala lodzaza, injini itazima kwa maola angapo, limaonetsa ma volt 12.6, likafika pa 12.2 ndiye kuti latsala ndi theka, ndipo likatsika pansi pa 12.0 latsala pang'ono kutheratu. Ntchito yake yaikulu ndi kuzunguza sitata, imene pa kanthawi kochepako imakoka ma amp opitirira 100, ndipo pa injini ya dizilo imakoka ochuluka kuposa pamenepo. Injini ikalira, alternator ndi imene imasenza mtolo wonse n'kumabwezeranso mphamvu mu batire, ndipo mita yoyezera magetsi ikaikidwa pa batire nthawi imeneyi iyenera kuonetsa pakati pa 13.5 ndi 14.7. Magetsi amatuluka pa mutu wa positive, amadutsa pa fyuzi yaikulu, amafika m'bokosi la mafyuzi, ena amapita ku swichi ya kiyi ndi ku ma relay, kenaka ku zipangizo. Pobwerera sakhala ndi waya wawo wautali ayi, amayenda m'chitsulo cha bodi ndi cha injini mpaka kufika pa mutu wa negative, kudzera pa mawaya ochepa afupiafupi amene amakaniko amawatchula kuti a earth. Choncho theka la ulendo wonse wa magetsi limadalira manati angapo omangidwa pa chitsulo chimene chimatha kuchita dzimbiri.

Galimoto zambiri zimene zikuyenda mu Mzuzu, ma Corolla, ma Sienta, ma Probox ndi maminibasi a Hiace, zinabwera kuchokera ku Japan zitagwira kale ntchito, zambiri kudzera pa doko la Dar es Salaam ndi pa chipata cha Songwe, ndipo zawonjezera zaka zina pa misewu yathu. Mzinda wathu uli pamtunda, mamita opitirira 1,200, mvula imakhalitsa kuno kusiyana ndi madera ambiri a dziko lino, ndipo ngakhale m'miyezi yozizira ya June ndi July nkhungu ndi mvula yamawawa sizisowa. Chinyezi chimenechi chimalowa polumikizira paliponse pamene sipanamangidwe bwino. Tikawonjezerapo misewu yafumbi yolowera m'madera monga Mchengautuwa ndi Zolozolo, imene imagwedeza galimoto tsiku ndi tsiku, tikhala ndi zinthu zitatu zimene zimadzutsa vutoli: kugwedezeka, chinyezi ndi kutentha kwa injini. Chilichonse chili ndi nthawi yake. Vuto lobwera pa maenje ndi pa mabampu limaloza ku chinthu chomasuka. Lobwera injini ikatentha n'kuchoka ikazizira limaloza ku mng'alu waung'ono umene umatseguka chitsulo chikafufuma. Lobwera m'mamawa, mvula ikagwa, kapena galimoto ikachokera kotsukidwa injini ndi madzi amphamvu, limaloza ku chinyezi.

Funso lofunika kuposa onse ndi ili: pamene galimoto inazima, n'chiyani chinazima ndipo n'chiyani chinatsala chikugwira ntchito? Pa galimoto zambiri za ku Japan, hutala, ma hazard ndi kanyali ka kudenga zimatenga magetsi ku batire osadutsira pa swichi ya kiyi. Ndiye vuto likangobwera, mutaima pabwino, musathamangire kutsegula boneti, chifukwa kugwedeza kulikonse kungathe kulibisanso. Dinani hutala, yatsani ma hazard, yang'anani wotchi. Ngati zonsezi zafa, ndipo magetsi atabwerera mwapeza wotchi yabwerera pachiyambi komanso wailesi yaiwala masiteshoni, ndiye kuti galimoto yonse inalekana ndi batire, ndipo vuto lili pafupi ndi batirelo. Ngati hutala ikulira, wotchi yasunga nthawi, koma dashibodi ili mu mdima kiyi ali pa ON, maso apite ku swichi ya kiyi ndi mawaya ake. Koma ngati injini yazima ndipo nyali zonse za pa dashibodi zayaka monga zimachitira musanalize galimoto, ndiye kuti magetsi akuluakulu alipo, chimene chasowa ndi moto wa mapulagi kapena mafuta. Kusiyanitsa zitatuzi kumachotsa pa mndandanda zipangizo zambiri zimene munthu akanagula.

Pa mtundu woyamba uja, wa galimoto yonse kulekana ndi batire, ma terminal, zitsulo zomangira mawaya pa mitu ya batire, ndiwo amapezeka olakwa kawirikawiri, ndipo pamenepa ndi pofunika kuchedwapo. Mitu ya mabatire siifanana kukula. Galimoto zing'onozing'ono zambiri za ku Japan zimabwera ndi batire la mitu yoonda, pamene mabatire akuluakulu, monga N70, ali ndi mitu yonenepa. Komanso pa batire lililonse mutu wa positive ndi wonenepa pang'ono kuposa wa negative. Mwini galimoto akagula batire la mitu yosiyana ndi ma terminal ake, zimene zimachitika pa malo ogulitsira tonse timazidziwa: terminal imakanulidwa ndi sikurudiraiva, kapena imakhomedwa ndi sipanala, kapena pampata pamakhomedwa msomali kuti igwire. Poyang'ana pamwamba zimaoneka zolimba. Koma mukaivula mumapeza kuti m'kati mwa terminal ndi mwakuda, mutu wa batire wakutidwa ndi kakhungu kotuwa, ndipo malo amene zitsulo ziwirizi zimakhudzanadi ndi kamzere kakang'ono kamodzi kamene msomali unakanda. Kuyesa kwake n'kosavuta: gwirani terminal ndi dzanja n'kuyesa kuipotoza. Ikazungulira ngakhale pang'ono, sinamangike, ngakhale nati yake itafika pamapeto. Ndi bwinonso kuona ngati batire lili ndi chitsulo cholipanikiza pamalo pake, chifukwa pa galimoto zambiri zakale chinatayika kalekale, ndipo batire lodumphadumpha limakoka mawaya ake pa bampu iliyonse. Kugwedezeka komweko kungathe kuthyola polumikizira zipinda m'kati mwa batire, moti limaonetsa 12.6 likakhala phee koma n'kugwa mukangotembenuza kiyi.

Dzimbiri lina silionekera kunja. Nthunzi ya asidi imalowa pansi pa pulasitiki wa waya n'kudya mkuwa pang'onopang'ono. Mukaona pulasitiki watupa pafupi ndi terminal, kapena waya wauma gwa pamene anayenera kupindika, ng'ambani pang'ono ndi mpeni: mudzapeza ufa wobiriwira pakati pa timawaya, tina titaduka, totsala tili tochepa. Apa ndi pamene amakaniko ena amasokerera, chifukwa akayeza wayayo ndi mita kuti aone ngati ndi wolumikizana, mita imavomera. Imavomera chifukwa kawaya kamodzi kotsala n'kokwanira kudutsitsa timagetsi tochepa ta mitayo. Zili ngati mlatho wa mtengo umodzi: munthu wapansi amawoloka, koma ngolo yodzaza chimanga singadutsepo. N'chifukwa chake waya ayenera kuyezedwa pamene akunyamula katundu.

Njira yake ndi kuyeza ma volt amene akutayika panjira. Mita imaikidwa pa ma volt, waya wake mmodzi n'kukhudza mtovu weniweni wa mutu wa batire, winayo n'kukhudza terminal imene yamangidwa pa mutu womwewo, kwinaku mnzanu akuliza galimoto. Polumikizira pabwino mita siyenera kupitirira 0.1. Kenaka yezani kuchokera pa mutu wa negative kufika pa chitsulo cha injini, pamene sipayenera kutayika opitirira 0.3, ndiponso kuchokera pa mutu wa positive kufika pa nati yaikulu ya sitata, pamene malire ake ndi pafupifupi 0.5. Batire lenilenilo lisatsike pansi pa 9.6 pamene sitata ikuzungulira. Masamu ake akusonyeza chifukwa chimene kadzimbiri kakang'ono kamachitira zazikulu: polumikizira potsekereza magetsi ndi ohm 0.01 yokha, imene mita wamba singaione n'komwe, pamataya ma volt 1.5 ngati pakudutsa ma amp 150. Mphamvu yotayikayo imasanduka kutentha, kotero amene alibe mita angathe kukhudza ma terminal mosamala atangoliza galimoto. Imene yafunda kuposa inzake ndiyo ili ndi mlandu.

Mawaya a earth amaiwalidwa chifukwa ali pobisika. Pali amene amachoka pa batire kupita ku bodi, ndi amene amalumikiza injini kapena giyabokosi ku bodi, popeza injini imakhala pa mphira ndipo mphira sadutsitsa magetsi. Galimoto imene inasinthidwapo injini kapena kilachi iyenera kukayikiridwa kwambiri, chifukwa waya ameneyu nthawi zina amasiyidwa akulendewera, kapena amamangidwa pa utoto. Earth ikafooka, zizindikiro zake zimakhala zosokoneza mutu: mukaponda mabuleki nyali ina imathima, singano za pa dashibodi zimavina mukayatsa nyali zakutsogolo, ndipo magetsi posowa njira amatha kudutsa mu kebulo ya mafuta kapena ya kilachi mpaka kuitenthetsa. Tengani waya mmodzi wa jampa, mumange mbali ina pa mutu wa negative ndi ina pa chitsulo choyera cha injini. Ngati zizindikiro zija zatha, mwadziwa kumene kuli vuto musanagule kanthu. Pafupi ndi batire palinso fyuzi yaikulu ya ma amp 80, 100 kapena 120, imene pa Toyota imalembedwa kuti ALT kapena MAIN, ndipo zina zimamangidwa ndi manati kunsi kwa bokosi. Fyuzi yotereyi ingathe kukhala ndi mng'alu wosaoneka bwino, kapena manati ake angamasuke. Pulasitiki wosungunuka kapena wosintha mtundu pamalopo ndi umboni wokwanira.

Mtundu wachiwiri ndi wa swichi ya kiyi. Kumbuyo kwa pamene timalowetsa kiyi kuli kabokosi ka timano ta mkuwa timene timakhudzana kiyi akatembenuzidwa, ndipo patapita zaka zambiri timapsa ndi kuperepeseka. Mulu wa makiyi a kunyumba, a kugolosale ndi a kugeti wolendewera pamenepo umawonjezera kutha kwake. Nkhaniyi si yaing'ono. Mu 2014 kampani ya General Motors ku America inaitanitsa galimoto pafupifupi 2.6 miliyoni, kuphatikizapo Chevrolet Cobalt, chifukwa swichi yake inkatha kuchoka yokha pa ON galimoto ikagwedezeka kapena makiyi akalemera, n'kuzimitsa injini pamodzi ndi ma airbag, ndipo kampaniyo inapereka chipukutamisozi pa imfa za anthu 124. Langizo limene eni galimotozo anapatsidwa podikira kukonza linali lochotsa china chilichonse pa kiyi. Poyesa swichi, lizani galimoto itaima, kenaka gwedezani kiyi pang'onopang'ono osamutembenuza. Nyali zikaphethira kapena injini ikatsamwa, mwaligwira vuto. Kabokosi kakumbuyoko pa galimoto zambiri kamasinthidwa pakokha, osasintha loko yense ndi makiyi.

Pamalo omwewo, kunsi kwa chiwongolero, ndi pamene pamakhala ntchito ya manja a anthu ena. Alamu, chozimitsira galimoto poopa akuba, wailesi yatsopano, nyali zowonjezera, zonsezi zimalumikizidwa pa mawaya a swichi, ndipo nthawi zambiri amene analumikiza anangosenda waya, kupota ndi zala, n'kukulunga tepi yakuda. Patapita zaka tepiyo imamatuka, guluu wake amasanduka phala, mkuwa umada, ndipo mfundoyo imagwira mwa mwayi. Choopsa kwambiri ndi chakuti zozimitsira zija zimaikidwa podula dala waya wa injini kapena wa pampu n'kuudutsitsa mu relay yotsika mtengo. Relay imeneyo ikayamba kutopa, galimoto imazima popanda chifukwa chooneka, ndipo mwini wake watsopano sadziwa n'komwe kuti chinthucho chilimo. Ine ndimaona kuti pa galimoto yogulidwa kwa munthu wina, kuchotsa chivindikiro cha kunsi kwa chiwongolero n'kuona zimene zili mmenemo kuyenera kuchitika musanaganize zogula chipangizo chilichonse. Alamu yakale imene sikugwiranso ntchito ichotsedwe yonse, ndipo mawaya amene inadula alumikizidwenso powotcherera, osati kupota.

Mtundu wachitatu, umene injini imazima nyali zili chiyakire, umatifikitsa ku ma relay, pampu ya mafuta ndi masensa. Pa Toyota pali relay yolembedwa EFI imene imapereka magetsi ku kompyuta ya injini, ndipo popeza m'bokosi mumakhala ma relay ena ofanana nayo, kusinthanitsa ndi ina ya nambala yomweyo ndi njira yoyesera yosalira ndalama. Ma Honda a kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi m'ma 1990 anatchuka ndi relay yaikulu imene mowotcherera mwake munkang'aluka, moti galimoto ikaima padzuwa inkakana kulira mpaka m'kati mutazizira. Singano yoonetsa kuthamanga kwa injini imathandizanso kwambiri. Ikagwa pa ziro nthawi imodzi galimoto ikadali kuyenda mu giya, nthawi zambiri ndiye kuti kompyuta yasiya kulandira uthenga wa sensa ya crankshaft, youza kompyutayo mmene injini ikuzungulira, imene imadziwika ndi khalidwe lofa ikatentha n'kudzuka ikazizira. Ngati injini inayamba yatsamwatsamwa, mphamvu n'kumachepa pang'onopang'ono, ganizirani za pampu ndi pulagi yake ya pa thanki. Pa galimoto zambiri pampu imamveka kulira kwa masekondi awiri mukaika kiyi pa ON, ngakhale Toyota zina zakale siziiliza mpaka injini itayamba kuzungulira. Makoswe nawonso asaiwalike, makamaka galimoto ikamagona pafupi ndi posungira chimanga.

Nanga alternator, imene imasinthidwa kawirikawiri popanda mlandu? Iyo ingathedi kugwira ntchito mwa apo ndi apo. M'kati mwake muli timakala tiwiri totchedwa mabulashi, ndipo tikafupika timakhudza nthawi zina n'kuleka nthawi zina. Chizindikiro chake ndi kanyali ka chithunzi cha batire kamene kamaphethira, ndi nyali zakutsogolo zowala n'kuzilala. Lamba wake akakhwepa amaterera, makamaka mukadutsa m'madzi, ndipo amalira mokwiyitsa. Koma alternator ikaleka kuchaja galimoto siizima nthawi yomweyo. Imayenda ndi batire mpaka litatha, ndipo ikazima siidzukanso yokha. Ndiye galimoto imene yazima kenaka n'kulira ndi mphamvu zonse patangopita mphindi imodzi sikuloza ku alternator. Ndipo ikapezekadi yolakwa, nthawi zambiri mabulashi kapena regulator, yowongolera ma volt, ndi zimene zimasinthidwa, osati chipangizo chonse.

Pali chizolowezi chimodzi chimene ndimadana nacho ndi mtima wonse, ndipo chikuchitikabe m'magalaja ambiri: kuzula terminal ya batire injini ikulira pofuna kuona ngati alternator ikuchaja. Njira imeneyi inachokera ku nthawi ya galimoto zopanda kompyuta. Batire limagwiranso ntchito yomeza magetsi akakwera modzidzimutsa, ndipo likachotsedwa alternator ikuchaja, ma volt angathe kulumpha kufika pa makumi angapo kwa kanthawi kochepa, kokwanira kuwotcha kompyuta ya injini, ma diode a alternator yomweyo kapena wailesi. Mita yotsika mtengo imayankha funso lomwelo mu masekondi asanu popanda kuwononga kanthu. Izi zikutiuzanso kuti terminal yomasuka si vuto longosowetsa mtendere chabe, chifukwa nthawi iliyonse imene ikulekana ndi batire pa bampu ikuchita chimodzimodzi ndi munthu wozula uja. Chimodzimodzinso kumanga waya kapena pepala lonyezimira la ndudu pamalo pa fyuzi yopsa: fyuzi imapsa kuti waya asapse, ndipo kuilambalala ndi kuitanira moto m'galimoto.

Vuto likakana kuonekera ku galaja, liyenera kusakidwa dala. Injini ikulira, nyali ndi fani zitayatsidwa, makaniko agwedeze mtolo uliwonse wa mawaya umodziumodzi, agogode bokosi la mafyuzi ndi chigwiriro cha sikurudiraiva, akankhe mapulagi a mawaya, wina akuyang'ana dashibodi. Malo amene mawaya amadutsa pa chitsulo kulowa m'kati mwa galimoto aonedwe bwino, chifukwa mphira wa pabowo akatha waya amakhuzika n'kumachita shoti mwa apo ndi apo. Ngati vuto limabwera injini ikatentha, kuyesaku kuchitike itatentha, osati m'mawa itangofika. Zikakanika, pali njira yoyenda ndi mboni: kababu kakang'ono kamalumikizidwa pa waya amene mukumukayikira, monga wopita ku pampu kapena ku koyilo, n'kuikidwa poonekera, ndipo tsiku limene galimoto idzazime mudzaona ngati kababuko kathima kapena ayi. Timachaja ta foni toonetsa ma volt, tolowetsa pa soketi ya m'galimoto, timathandizanso kuona mmene alternator ikuchitira paulendo.

Ambiri amakhulupirira kuti kuika galimoto pa kompyuta kumaulula zonse. Makina amenewa amalumikizidwa pa soketi ya mabowo 16 ya OBD-II, imene inakhala lamulo pa galimoto zogulitsidwa ku America kuyambira 1996, ngakhale galimoto zina zakale zopangidwira msika wa ku Japan sizimvana ndi makina otsika mtengo. Amathandiza akapeza nambala monga P0335, ya sensa ya crankshaft, kapena P0562, yosonyeza kuti ma volt anatsika. Koma kompyuta imene yasowa magetsi singalembe chimene chaichitikira, ndipo pa galimoto zambiri zakale kuduka kwa batire kumafufuta ngakhale zimene zinalembedwa kale. Nthawi zinanso makinawa amatulutsa manambala ambirimbiri a zipangizo zosagwirizana, ndipo wosadziwa amayamba kusintha masensa, pamene kuchuluka kwa manambalako kukungosonyeza kuti zipangizo zonsezo zinasowa magetsi kapena earth nthawi imodzi.

Ndiyenera kunenapo za ngozi, chifukwa ena amazolowera kuyenda ndi galimoto yotereyi miyezi yambiri pongoti imadzukanso yokha. Kuzima pa Katoto ndi nkhani ina, kuzima usiku mu nkhungu ya ku Chikangawa, kapena potsetsereka pa Chiweta ndi pa msewu wa ku Nkhata Bay, ndi nkhani inanso. Injini ikazima chiwongolero chimalemera kwambiri koma chimakhotabe mukalimbikira. Mabuleki amatsala ndi mphamvu yowathandizira yokwanira kuponda kamodzi kapena kawiri, choncho musamawapope; pondani mwamphamvu ndi kugwiritsitsa, ndipo ngakhale atauma amagwirabe. Musabweze kiyi kufika pa LOCK galimoto ikuyenda, chifukwa chiwongolero chingathe kukhomeka. Galimoto ya magiya apamanja isiyidwe mu giya kuti injini ithandize kuchepetsa liwiro. Galimoto imene yazimapo kamodzi ikuyenda siyenera kunyamula anthu paulendo wautali chifukwa chake chisanapezeke, ndipo izi zikukhudza kwambiri eni mataxi ndi maminibasi.

Pokonza ma terminal, zimitsani injini, vulani mphete ndi wotchi yachitsulo, ndipo pasakhale wosuta fodya pafupi popeza batire limatulutsa mpweya woyaka. Yambani kumasula negative, ndipo pobwezera ikhale yomaliza, kuti sipanala ikakhudza bodi isachite shoti. Soda yemwe timaphikira therere, wosungunulidwa m'madzi, amachotsa ufa wa asidi uja, koma asalowe m'kati mwa batire. Palani mutu ndi m'kati mwa terminal mpaka ziwale, mangani, kenaka pakani girisi kapena Vaseline pamwamba. Terminal yong'aluka kapena yosagwirizana ndi mutu isinthidwe ndi ya saizi yoyenera, ndipo waya wodyeka adulidwe kufika pamene mkuwa uli woyera, kapena asinthidwe yense ndi wonenepa mofanana. Pa mawaya a earth, palani bodi mpaka chitsulo chioneke musanamange.

Mukamagwira ntchito ndi makaniko, gwirizanani zosintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, ndipo mumufunse chimene wayeza ndi nambala imene wapeza asanakutumeni kukagula chipangizo. Makaniko wabwino sakhumudwa ndi funso limeneli, ndipo nthawi imene wathera akusaka iyenera kulipiridwa ngakhale chimene wapeza chitakhala nati imodzi yomasuka. Chipangizo chakale chimene chachotsedwa musachitaye msanga. Popeza vutoli limatha kubisala lokha kwa masabata, kulira bwino kwa galimoto pa galaja sikutsimikizira kuti yachira. Idutsitseni masana pa msewu womwe uja inkazimira, injini itatentha, nyali ndi fani zitayatsidwa, ndipo kwa masabata angapo muziona ngati wotchi ya pa dashibodi ikusungabe nthawi.